Ndinalipira $380 kuti andiphunzitse kosakira Bigfoot, ndikuwapatsa nyenyezi zitatu basi

Ndiyambe ndi kuvomera kuti nzeru imeneyi sinali yanga, ndi ya mlamu wanga. Munthuyu chibwerereni kuno ku Washington, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa America, nkhani ya Bigfoot yamulowa m'magazi moti kumbuyo kwa galimoto yake kuli sitika ya chinyama chaubweyachi, makapu a tiyi kunyumba kwake nawonso ndi a Bigfoot, nde tsiku lina cha m'ma 11 usiku anangonditumizira linki n'kulemba kuti alamu tiyeni tilembetse uwu, ndi wa anthu oyamba kumene. Ndinaseka kaye koma mawa lake ndinalipira, $380 munthu mmodzi, kuyambira Lachisanu masana mpaka Lamlungu, tenti ndi chakudya n'zako. Kampaniyo sinditchula dzina, ndi yaing'ono ya anthu atatu okha ndipo zina zomwe ndilembe pano sizowasangalatsa.

Chomwe amalonjeza patsamba lawo si choti mukamuona Bigfoot ayi, pamenepo anachenjera. Amati tikuphunzitsani kusankha malo osakira kuti ulendo wina muzipita nokha. Ndiye ine ndiwaweruza pa lonjezo limenelo.

Kwa amene nkhaniyi mwangoimva lero, Bigfoot kapena kuti Sasquatch ndi chinyama chomwe anthu amati chimakhala m'nkhalango za kumpoto chakumadzulo kwa America ndi ku Canada, chimayenda ndi miyendo iwiri ngati munthu, chachitali kuposa chitseko, ubweya thupi lonse, ena amati chimanunkha koopsa. Dzina loti Sasquatch linachokera ku chinenero cha Halkomelem cha eni nthaka a ku British Columbia, pomwe loti Bigfoot linatchuka mu 1958 pamene Jerry Crew, woyendetsa chithilakita pantchito yolambula msewu ku Bluff Creek ku California, anapeza mapazi akuluakulu m'dothi n'kuumba limodzi ndi pulasitala n'kupita nalo ku nyuzipepala ya Humboldt Times. Mtembo wake palibe anaupezapo, fupa ngakhale limodzi. Izi ndinkazidziwa ndisanalipire, musandimvere chisoni.

Sabata imodzi ulendo usanafike anatitumizira mapu pa imelo, ya Washington yense itadzaza timadontho tofiira, kadontho kalikonse ndi pomwe munthu wina ananena kuti anaona kapena kumva chinachake. Timadonthoti ambiri amatitenga ku nkhokwe ya malipoti ya BFRO, bungwe lofufuza za Bigfoot lomwe Matt Moneymaker anayambitsa mu 1995, aliyense atha kuwerenga malipotiwo ulere pa intaneti ndipo Washington ndi yomwe ili ndi ambiri kuposa chigawo china chilichonse ku America. Amawagawa m'magulu, Class A ndi pomwe munthu akuti anachiona bwinobwino, Class B ndi pomwe anangomva kulira kapena anaona chithunzithunzi mumdima, Class C ndi nkhani zongomva kwa ena. Homuweki yathu inali yoti aliyense asankhe malo amodzi oti akanapita payekha, abwere ndi chifukwa chake. Ine ndinachita zomwe aliyense angachite, ndinayang'ana pomwe timadontho taunjikana kwambiri n'kuzunguliza ndi cholembera. Mlamu anasankha Ape Canyon kufupi ndi Mount St. Helens chifukwa cha nkhani ya 1924 ija, yomwe anthu okumba golide, mmodzi wa iwo Fred Beck, anati zinyani zikuluzikulu zinagenda kanyumba kawo ndi miyala usiku wonse.

Tinakumana ku Carson, katawuni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Columbia m'boma la Skamania, kenako tinalowa nkhalango ya Gifford Pinchot galimoto zili pamzere. Unali mwezi wa September. Apa ndi pomwe dandaulo langa loyamba likubwera, anatiuza kuti gulu lidzakhala laling'ono koma tinapezeka tilipo 22, galimoto 13, ena ndi agalu awiri. Tsono chinyama chomwe akuti chimathawa anthu mpaka kamera zonse za padziko zalephera kuchijambula bwino, chingadikire anthu 22 ndi agalu ndi zitseko za galimoto zikumenyedwa? Ndinangoti kaya.

Koma Lachisanu madzulo lomwelo ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito. Mwa atsogoleri atatuwo panali mayi wina wachikulire, tsitsi lotuwa, wosalankhulalankhula, amene anagwirapo ntchito yoyeza mitengo m'nkhalango zomwezi zaka zambiri. Anayala mapu aakulu apepala pabonati ya galimoto n'kutiuza kuti aliyense aloze malo ake aja. Titatha anatenga pepala lina lowonekera ngati pulasitiki lomwe panali misewu yokha ndi malo ogona anthu okacheza, n'kulisanjika pamwamba pa mapu a timadontho. Abale, zinagwirizana ngati chivundikiro ndi mphika wake. Timadontho tonse tinali m'mbali mwa misewu, pafupi ndi makampu, pafupi ndi matawuni. Pakati penipeni pa nkhalango pomwe kulibe msewu panali poyera mbee. Anatifunsa kuti ndiye mapuwa akutiuza komwe kuli Bigfoot kapena komwe kuli anthu okhala ndi foni? Palibe anayankha, ine kabwalo kanga kaja kanali ndendende pamwamba pa kampu yomwe imadzaza anthu chilimwe chonse, manyazi anandigwira.

Sanalekere pomwepo. Anatiuza yekha, munthu woti kampani yake imadyera pa Bigfoot, kuti mu 2009 akatswiri atatu, Lozier, Aniello ndi Hickerson, anatenga malipoti amenewa n'kuwaika mu kompyuta momwe amachitira pofuna kudziwa komwe nyama ina iliyonse ingakhale, ndipo mapu omwe anatuluka anafanana kwambiri ndi a komwe kumakhala zimbalangondo zakuda. Kafukufuku wina wa Floe Foxon yemwe anatuluka mu Journal of Zoology mu 2024 anapezanso zofanana, kuti komwe zimbalangondo zachuluka malipoti a Bigfoot nawonso amachuluka. Chimbalangondo chimatha kuima ndi miyendo iwiri, chakuda, chaubweya, uchione kwa masekondi atatu madzulo uli pagalimoto yothamanga, maso ako adzakuuza zomwe mtima ukufuna. Bambo wina wovala chipewa cholembedwa kuti amakhulupirira anakwiya pang'ono, akuti ndiye tabwerera chiyani. Mayi aja anangoti mwabwera kudzaphunzira kusiyanitsa, ngati simudziwa chimbalangondo ndiye kuti chinacho simungachidziwenso.

Zosankha za mlamu nazo zinagwa. Mayi aja akuti oyamba kumene amathamangira malo otchuka, Ape Canyon, kapena Bluff Creek komwe Roger Patterson ndi Bob Gimlin anajambula kanema wotchuka uja pa 20 October 1967, ngati kuti chinyamacho chakhala pamalo omwewo kudikira alendo zaka zonsezi. Dera la Ape Canyon linasinthiratu phiri la St. Helens litaphulika pa 18 May 1980, ndipo lero njira yopita kumeneko imadzaza anthu a njinga zakumapiri. Za ku Bluff Creek nazo, mu 2002 Ray Wallace atamwalira abale ake anatulutsa mapazi osema amatabwa n'kunena kuti mapazi a 1958 aja ankadinda ndi iyeyo. Pitani mukajambulitse zithunzi, anatero, koma kumeneko ndi kokaona mbiri osati kosakira.

Ndiye munthu asankhe bwanji? Sanatipatse mndandanda, anangotiyendetsa Loweruka m'mawa makilomita angapo n'kumaima apa ndi apo. Mfundo yake inali yoti iwalani kaye kuti mukusaka chozizwitsa, ganizani za nyama iliyonse yaikulu yolemera kuposa anthu atatu, imeneyo ikufuna madzi tsiku lililonse, ikufuna chakudya chambiri, ikufuna pobisala masana. Ndiye mumayang'ana pamapu pomwe timitsinje tiwiri takumana, pomwe dambo lagundana ndi nkhalango yowirira, pomwe pali njira yachidule yodutsa pakati pa mapiri awiri yomwe nyama zimakonda chifukwa nazonso sizifuna kukwera chitunda pachabe. Chakudya chimayenda ndi nyengo, mu August ndi September zipatso za huckleberry zimapsa kumtunda ndipo nyama zimakwera komweko, nsomba za salmon zikamakwera mitsinje nyama zimatsikira kumadzi, chipale chikagwa zonse zimatsika m'zigwa. Malo omwe ali bwino mu September akhoza kukhala opanda kanthu mu January, ndipo kadontho kofiira kaja sikakuuza zimenezo pokhapokha utsegule lipotilo uwerenge mwezi wake ndi chaka chake. Ena mwa malipoti omwe ine ndinadalira anali a zaka 30 zapitazo, nkhalango yake inadulidwa kalekale n'kudzalidwanso.

Chomwe chinanditsegula maso kwambiri ndi nkhani ya dothi, sindinaiganizirepo n'komwe. Nkhalango za kuno pansi pake ndi ndere zokhazokha ndi masamba a paini owola, wofewa ngati matilesi, ukaponda pamabwerera pomwepo osasiya chidindo. Ukhoza kuyenda tsiku lonse pamalo pomwe nyama zadutsa usiku womwewo osaona phazi ngakhale limodzi. Ndiye posankha malo uzifunsa kuti kodi pali poti chinthu chingasiye phazi? Mchenga wa m'mbali mwa mtsinje, matope a m'mphepete mwa dziwe, misewu yakale ya odula mitengo yomwe inatsekedwa, phulusa la phiri lomwe lidakalipo malo ena. Anatiphunzitsanso kuyang'ana mapazi dzuwa likadali pansi, m'mawa kapena madzulo, chifukwa kuwala kukabwera cham'mbali kadzenje kakang'ono kamachita mthunzi, masana dzuwa lili pamutu suona kanthu.

Ndipo tinalipezadi phazi. Mlamu ndi amene analiona, anakuwa mpaka agalu aja anayamba kuuwa, lalitali ndithu, zala zisanu, chidendene chooneka bwino. Anthu anathamanga, mafoni m'mwamba, wina wayamba kale kusakaniza pulasitala m'chigubu. Mayi aja anagwada, anatenga kamtengo n'kutionetsa kamzere pakati pa phazilo, akuti awa ndi mapazi awiri, chimbalangondo chikamayenda nthawi zina phazi lakumbuyo limaponda pang'ono pamwamba pa lakutsogolo ndiye ziwirizo zimaoneka ngati phazi limodzi lalitali la munthu, kenako anatilozera timabowo ta zikhadabo kutsogolo kwa zala. Mlamu anakhala chete ngati wamwalira wachibale. Koma anatilola kuthira pulasitala kuti tiphunzire, ndipo anatikakamiza kuika tepi yoyezera pambali tisanajambule, akuti chithunzi cha phazi chopanda choyezera n'chachabechabe.

Panalinso phunziro la eni malo lomwe ndikuona kuti oyamba kumene ambiri salilabadira. Pamapu a pafoni paliponse pamangooneka pobiriwira koma pansi si choncho. Mu national forest ngati Gifford Pinchot umaloledwa kumanga tenti kunja kwa makampu m'malo ambiri mpaka masiku 14, ndipo poimika galimoto pamalo ena oyambira njira pamafunika chiphaso chotchedwa Northwest Forest Pass, $5 patsiku kapena $30 pachaka. Mu national park ngati Olympic malamulo ndi okhwima, kugona m'tchire kumafuna chilolezo ndipo drone saloleza. Malo ena ndi a makampani a matabwa, ali ndi mageti okhoma, ena ndi a eni nthaka, sulowa mwachisawawa. Ngakhale minda ya huckleberry ya ku Sawtooth m'nkhalango yomweyi ili ndi mbali yomwe inasiyidwira eni nthaka okha potsatira mgwirizano wa 1932 ndi a Yakama, zikwangwani zilipo. Ndiye choseketsa, boma la Skamania lomwe tinalimoli linakhazikitsa lamulo mu 1969 loletsa kupha Sasquatch, analikonzanso mu 1984, lidakalipo. Anthu anaseka koma mayi aja anati lamulolo likuteteza kwambiri anthu anzathu, chifukwa munthu wamfuti amene akufunitsitsa kuona chinyama choyenda ndi miyendo iwiri mumdima ndi woopsa kuposa chinyamacho.

Pankhani ya chitetezo sanaseke n'komwe. Titamva kuti timadontho timatsata misewu, ambiri tinaganiza kuti basi yankho ndi kupita kutali kwambiri komwe kulibe msewu, iwo akuti kumeneko ndiye kulakwitsa kwachitatu ndipo ndi komwe kumapha. Anatikumbutsa za amuna awiri a ku Portland omwe mu December 2024, nthawi ya Khirisimasi, analowa m'nkhalango yomweyi kukasaka Sasquatch osabwerera, anawapeza atamwalira ndi kuzizira patatha masiku akuwafunafuna. Netiweki kulibe ukangochoka pamsewu waukulu, nyengo imasintha mwadzidzidzi, ukanyowa usiku thupi limazizira msanga ngakhale kusakhale chipale. Lamulo lake kwa oyamba ndi loti sankhani malo oti mutha kubwerera kugalimoto mu ola limodzi mukutsimphina, muwayende kaye masana musanawayende usiku, mapu muwadawunilode muli kunyumba ndipo apepala akhalenso m'thumba, wina kunyumba adziwe nambala ya msewu womwe mwalowera ndi nthawi yobwerera. Ndipo bwererani pamalo omwewo kambirimbiri mpaka mudziwe kulira kwake kwa masiku onse, chifukwa chachilendo umachizindikira ukadziwa chachizolowezi.

Zikanathera pamenepa ndikanapereka nyenyezi zisanu osaganiza kawiri. Vuto ndi usiku, womwe amayendetsa ndi mwini kampani, bambo wolankhula kwambiri wa jekete yodzaza matumba. Munthuyu chilichonse kwa iye ndi Bigfoot. Nthambi yathyoka, ndi iyeyo. Mitengo iwiri yagwerana n'kupingasa, akuti chizindikiro cha malire ake, chonsecho mayi aja masana omwewo anali atatiuza kuti chipale cholemera ndi mphepo zimachita zimenezo chaka chilichonse. Anatigawa m'magulu anayi ndi mawailesi olankhulirana omwe awiri mabatire anali atatha, n'kutiuza kuti tizimenya mitengo ndi chibonga katatu kenako tikhale chete, akuti ma Sasquatch amalankhulana choncho. Gulu lathu linamenya, patapita mphindi ziwiri kutsidya kwa khwawa kunamveka go, go, go. Sindinama, tsitsi linandiimirira, mlamu anandigwira mkono mpaka kupweteka akunong'ona kuti alamu mwamva? Mwamva? Tinabwerera kukampu mitima ili m'mwamba n'kupeza gulu lachitatu nalonso likusimba kuti lamva kugogoda kutsidya ndipo linayankha. Tinayerekeza nthawi, inali yomweyo. Timayankhana tokhatokha. Mwini kampani m'malo movomera anati sitingatsimikize, n'kulemba m'buku lake ngati umboni. Apa ndi pomwe anandikhumudwitsa, chifukwa ngati malipoti ena amabadwa choncho ndiye kuti ifenso tinawonjezera kadontho kofiira koti kadzasokeretse munthu wina chaka chamawa.

Kenako anatulutsa chisipika n'kuyamba kuliza mawu ojambulidwa okuwa m'nkhalango pakati pausiku, chinayankha ndi kadzidzi wamtundu wa barred owl, yemwe kulira kwake akalusa kumamveka ngati anyani akukangana, ndipo chakum'bandakucha kunalira elk yamphongo, nyama yaikulu ya mtundu wa gwape, chifukwa September ndi nyengo yake yofuna zazikazi, kulira kwake ndi likhweru lalitali lothera m'kubuula, ukakumva koyamba uli m'tenti umapemphera. Zonsezi anatimasulira ndi mayi aja m'mawa tikumwa khofi, motsitsa mawu, abwana awo ali pataliko. Ndinawafunsa kuti amayi, inuyo mumakhulupirira kuti chilipo? Anati pazaka zonse zomwe ayenda m'nkhalangomu anamvapo chinthu chimodzi chokha chomwe mpaka lero sadziwa kuti chinali chiyani, ndipo kusadziwako sikutanthauza kuti chinali Bigfoot. Anawonjeza kuti ubweya womwe Peter Byrne anatumiza ku FBI mu 1976 unapezeka kuti ndi wa gwape, ndipo womwe Bryan Sykes wa ku Oxford anayeza n'kutulutsa zotsatira mu 2014 unali wa zimbalangondo, ng'ombe, akavalo ndi nyama zina zodziwika. Amapitabe chifukwa amaikonda nkhalangoyo.

Zina zazing'onozing'ono, moto unali woletsedwa chifukwa cha chilala cha nyengoyo koma sanatiuze pasadakhale ndiye amene sanabwere ndi kasitovu ka gasi anadya zozizira, chimbudzi chinali chimodzi kwa anthu 22, ndipo Lamlungu m'mawa ola lathunthu linapita ndi bambo aja kutitsatsa kamera zoona kutentha kwa thupi usiku zomwe amagulitsa okha, akuti popanda imeneyi mukungotaya nthawi. Mtengo wake unaposa wa ulendo wonse kawiri. Anthu atatu anagula.

Ndiye nyenyezi zitatu, zonse zitatu ndi za mayi aja. Ngati mukufuna kulembetsa ulendo wamtunduwu kwa aliyense, funsani kaye kuti gulu lidzakhala la anthu angati ndipo akulembereni, funsani ngati pali phunziro la mapu ndi la mapazi a nyama masana kapena ndi zokuwa usiku zokhazokha, funsaninso ngati ali ndi chilolezo cha Forest Service, nthambi ya boma yoyang'anira nkhalangozi, chotengera anthu olipira m'nkhalango ya boma. Amene mumadziwa kale kuyenda m'tchire ndi kuwerenga mapu, $380 imeneyo sungani, malipoti ali pa intaneti ulere ndipo buku la mapazi a nyama ndi lotchipa. Kwa ife amene sitinkadziwa kusiyanitsa kadzidzi ndi chiwanda, Loweruka lija lokha linakwana theka la ndalamayo.

Mlamu sanagwe ulesi ngakhale pang'ono. Phazi la pulasitala lija analiika pashelefu m'chipinda chochezera ndipo alendo akafunsa amayamba wakhala chete kaye asanavomere kuti ndi la chimbalangondo. Sabata yatha wanditumizira mapu ena, wazunguliza pomwe timitsinje tiwiri takumana, mphindi 40 kuchokera pomwe tingasiye galimoto, pali mchenga m'mbali, kadontho kofiira palibe ngakhale kamodzi. Akuti tipite mu May chipale chikasungunuka, anthu awiri basi, chibonga tisiye kunyumba. Ndamuuza kuti mafuta a galimoto agula ndi iyeyo.